Chidindo Sichiŵerenga Ndalama

Tsiku lina Lamulungu, Misa yachiŵiri itangotha, padafika bambo wina pa khomo la tchalitchi chathu atanyamula pepala lokutidwa bwino m'pulasitiki. Adavala jekete yochapa, mau ake adali ofatsa, ndipo adandilonjera ndi ulemu woposa umene ndimalandira kwa akhristu anga. Adati akusonkhetsa ndalama zomangira nyumba ya ana amasiye ku boma lina lakutali. Monga mwa mwambo wathu, ndidamtumiza kwa a tcheyamani a bungwe la parishi. Iwo adaliyang'ana pepalalo kutsogolo ndi kumbuyo, nabwera kwa ine nati: "Bambo mfumu, munthuyu ngwoona. Taonani, zidindo zilipo zitatu."

Zidalipodi zitatu, china chozungulira, china cha ngodya zinai, china chofufutika pang'ono ngati cha ofesi yotanganidwa. Tidamlola kuima pa khomo. Amai adamasula mfundo za pa nsonga ya chitenje, achinyamata adapisa m'matumba, ine ndemwe ndidaponya kangachepe. Patapita miyezi ingapo ndidakumana ndi wansembe mnzanga wa ku dera lomwe lidatchulidwa pa pepala lija, ndipo nditamfunsa za nyumba ya ana amasiyeyo, adangondiyang'ana modabwa. Kumeneko kulibe ngakhale njerwa imodzi.

Ndalamazo sizinali zambiri. Chimene chimandiŵaŵa kufikira lero n'chakuti pa khamu lonse lija, wansembe wake yemwe, panalibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa kuti: Mwatolera zingati kufikira lero? Zikusungidwa ndi yani? Tidzamva liti kuti zagwira ntchito yanji? Zidindo zitatu zidatitseka pakamwa.

Nkhani zotere zikamveka, anthu ambiri anzeru amafuula mau amodzi: "Boma likhwimitse lamulo! Aliyense wofuna kutolera ndalama kwa anthu ayambe watenga chilolezo!" Amanena zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo mkwiyo wao ndi wanganso. Komabe ndikutsutsana nawo, pakuti mankhwala amene akuitanitsawo ndiwo adandidwalitsa ine pa khomo la tchalitchi. Chilolezo chimayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi munthuyu waloledwa kupempha. Funso limene wopereka amafuna kulimva yankho lake ndi lina: kodi kwacha yanga yafika kumene ndidaitumiza? Funso loyambali limayankhidwa ndalama zisanatoleredwe, pamene wakuba ndi wokhulupirika amafanana nkhope. Lachiŵirili limayankhidwa pambuyo, pamene aŵiriŵa amasiyana. Lamulo loika mphamvu zake zonse pa funso loyamba likulondera khomo la kumaso pamene mbuzi zikutulukira kuseri.

Makolo athu adaidziŵa nkhaniyi kalekale, ngakhale sadaone ofesi ya kaundula. Pitani pa maliro alionse m'mudzi, kaya m'tauni. Palibe amene amapita kwa bwanamkubwa kukapempha chilolezo cholandirira chipepeso. Koma taonani chimene chimachitika pa siŵa. Pamakhala munthu wokhala pa mpando, mbale patsogolo, kope pa bondo, ndipo pambali pake pamakhala mnzake woona ndi maso. Aliyense woponya amalembedwa dzina, mudzi ndi ndalama yake. Wobwera ndi ufa, nkhuku kapena mtolo wa nkhuni amalembedwanso. Nthaŵi ya mauthenga ikakwana, mwambo usanapite ku manda, munthu amaimirira pamaso pa mafumu ndi khamu lonse n'kuŵerenga mokweza: mudzi wakuti wapereka zakuti, mpingo wakuti zakuti, anzake a kuntchito a malemu zakuti, zonse pamodzi zakwana zakuti, bokosi ladya zakuti, galimoto zakuti, ndiwo zakuti, zatsala zakuti. Mai amene adapereka ndalama yake ali pomwepo akumva. Mudzi wake ukadumphidwa, kapena chiŵerengero chikatsika, kung'ung'udza kumayambira kwa amai kuseri kwa nyumba, ndipo mlembiyo sadzamkhulupiriranso ndi kope pa maliro ena.

Umu muli nzeru yonse ya nkhaniyi. Wolandira sakhala yekha. Cholandiridwa chimalembedwa pomwepo. Ndipo chiŵerengero chimabwezedwa kwa eni ake amene adapereka, m'chinenero chao, tsiku lisanathe. Timati kupatsa n'kuika, ndipo woika chinthu ali ndi ufulu wofunsa kuti chidaikidwa pati.

Wina anena kuti zimenezi n'za kumudzi, kumene aliyense amadziŵa mnzake, koma masiku ano ndalama zimayenda pa foni, wopempha ali ku Lilongwe, wopereka ali ku Johannesburg. Tiyeni tsono tikumbutsane za chaka cha 2021. M'mwezi wa Januwale chaka chimenecho matenda a Covid-19 adakula koopsa m'dziko muno. Nduna ziŵiri za boma zidamwalira tsiku limodzi, ndipo m'zipatala odwala ankasoŵa mpweya wa okosijeni ndi tizipangizo toupimira. Mlembi wina, a Stanley Onjezani Kenani, pamodzi ndi anzao, adayamba kupempha ndalama pa Facebook kuti agulire zipatala zinthu zimenezi. Sadali nthambi ya boma, sadali bungwe lakalekale la maofesi ndi magalimoto. Chimene adachita n'chimene amachita mlembi wa pa siŵa: ankaonetsa poyera, kaŵirikaŵiri, ndalama zimene zaloŵa, zimene zatuluka, ndi katundu amene wagulidwa ndi kumene waperekedwa. Anthu adapereka mamiliyoni, ndipo ankaperekabe chifukwa ankaona.

Miyezi yomweyo kudabuka nkhani ya K6.2 biliyoni imene boma lidapatula kuti ilimbane ndi mliri womwewo. Ndalama zimenezi zidadutsa m'manja mwa anthu okhala ndi zilolezo zonse za pansi pano: makalata a ntchito, zidindo, masiginecha, makomiti. Lipoti la oŵerengera ndalama za boma litatuluka mu Epulo 2021, lidaonetsa kuti gawo lina lidathera ku maalawansi ndi ku kugula katundu mosatsata njira. Anthu adamangidwa, nduna imodzi idachotsedwa pa mpando. Tsono ndifunse onse ofuula za chilolezo: pa magulu aŵiriŵa, ndi liti limene lidali ndi mapepala? Ndipo ndi liti limene mukadalipatsa ndalama ya mai wanu?

Sindikunena kuti lamulo n'lachabe, kapena kuti dziko lathu lilibe lamulo. Kuyambira 2001 tili ndi lamulo la mabungwe amene si a boma, limene lidakhazikitsa NGO Board kuti izilemba mabungwewo m'kaundula. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idalikonzanso, ndipo m'malo mwa bodi ija mudaloŵa bungwe la NGORA, lokhala ndi mphamvu zambiri ndi zilango zoŵaŵa. M'lamuloli muli chinthu chimodzi chimene ndimachiyamikira ndi mtima wonse: bungwe lolembetsedwa liyenera kupereka lipoti chaka ndi chaka, pamodzi ndi mabuku a ndalama oŵerengeredwa ndi akatswiri. Apo mpamene pali mtima wa lamulolo. Koma ndi pomweponso pamene lamulolo limatsimphina, pakuti oyang'anira eni akewo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti mabungwe ambiri sapereka malipoti. Setifiketi ili pa khoma m'felemu, lipoti kulibe. Ndipo ngakhale lipoti lafika, lafika kwa yani? Lalembedwa m'Chingerezi cha akaunti, lasungidwa mu ofesi ku likulu. Gogo wa ku Ntcheu amene adapereka, ndi mwana wamasiye amene chithunzi chake chidapemphetsa ndalamazo, sadzaliona mpaka kufa. Chiŵerengero chakwera kumwamba kwa akuluakulu m'malo motsikira kwa eni ake.

Kuti tione chimene kaundula angathe ndi chimene sangathe, tiyang'ane ku Mangalande, kumene bungwe la boma loyang'anira mabungwe achifundo, Charity Commission, lakhala likugwira ntchito kuyambira zaka za m'ma 1800. Mu Epulo 2020 nkhalamba ina ya zaka 99, Captain Tom Moore, idalonjeza kuyenda maulendo 100 m'munda wa pakhomo pake kuti ipeze mapaundi 1,000 othandizira ogwira ntchito m'zipatala. Anthu adapereka mapaundi oposa 32 miliyoni, ndipo ndalamazo zidapita kumene zidalonjezedwa. Pambuyo pake kudakhazikitsidwa bungwe la dzina lake, Captain Tom Foundation, lolembetsedwa bwinobwino m'kaundula, la nambala yake. Nkhalambayo idamwalira mu Febuluwale 2021. Mu Novembala 2024 Charity Commission idatulutsa lipoti lonena kuti mwana wake wamkazi ndi mwamuna wake adapindula okha mobwerezabwereza ndi dzina la bungwelo, ndipo kuti ndalama zoposa mapaundi miliyoni imodzi za mabuku a nkhalambayo, zimene anthu ogula ankayesa kuti zithandiza bungwe, zidapita ku kampani ya banja. Nambala ya m'kaundula sidaletse kanthu. Chimene chidagwira ntchito ndi mphamvu ya Commission yoitanitsa mabuku, kufunsa mafunso, n'kusindikiza zimene yapeza kuti aliyense aŵerenge. Phindu la kulembetsa lili pamenepo basi: kumapatsa munthu wina ufulu wotsekula kope lako.

Ndiponso chilolezo chili ndi mano ena amene ochifunawo saŵaona. Wopereka chilolezo amathanso kuchimana. Ku America, mu 1938, munthu wina wa Mboni za Yehova, Newton Cantwell, ndi ana ake aŵiri adamangidwa mu mzinda wa New Haven, mwa zina chifukwa chopempha zopereka khomo ndi khomo opanda setifiketi. Lamulo la chigawo cha Connecticut linkapatsa mkulu wina wa boma mphamvu yoŵeruza ngati cholinga cha wopempha chili chachipembedzo chenicheni kapena ai. Mu 1940 Bwalo Lalikulu la dzikolo lidathetsa chigamulocho, oŵeruza onse mogwirizana. Lidavomera kuti boma lingathe kulanga achinyengo, ndi kufuna kuti wopempha adziŵike kuti ndani. Chimene lidakana n'chakuti mkulu mmodzi wa mu ofesi azisankha zolinga zoyenera kupemphera. Ife Amalaŵi sitisoŵa kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo. Mboni zomwezo zidaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo akulu athu akukumbukira bwino masiku amene ngakhale kalata ya aepiskopi, mu 1992, idasanduka mlandu kuigwira m'manja. Lero mkulu wa ofesi angakhale munthu wolungama. Wa maŵa ndani? Bungwe lotolera ndalama zolipirira maloya a anthu omangidwa popanda mlandu, kapena lofufuza za katangale, lidzachipeza chilolezo chake msanga ngati bungwe logaŵa mabulangete?

Kuwonjeza apo, tsoka silidikira fomu. Namondwe Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu a m'miphakati, a m'misikiti, ophunzira ndi amalonda a mumsika adasonkhanitsa ufa, zovala ndi ndalama tsiku lomwelo. Akadayamba apita kukaima pa mzere wa zilolezo, ana akadagona ndi njala m'makalasi momwe adathaŵira. Lamulo lolemera limapinga wosauka wofuna kuthandiza mnzake, pamene tambwali, amene ntchito yake ndi mapepala, amalidumpha mosavuta. Chidindo amasema ndi m'misika momwe.

Pano ndiyenera kuloza chala kunyumba kwathu, pakuti Eklezia Katolika adayamba kuyesa njira ya chilolezo maboma a lero asanabadwe. Msonkhano waukulu wa aepiskopi wachinai wa ku Laterano, mu 1215, udalamula kuti otolera zachifundo asalandiridwe pokhapokha ataonetsa makalata enieni ochokera kwa Papa kapena kwa episkopi wa dayosizi. Makalata adalembedwa, zidindo za phula zidapachikidwa, ndipo chinyengo chidapitirira. Ena ankasema makalata abodza, ena ankachita zoipa ndi makalata oona. Johann Tetzel, amene ulaliki wake wa zikhululukiro udautsa Martin Luther mu 1517, sadali wopemphetsa wa m'tchire. Adali ndi chilolezo chokwanira, wotumidwa ndi Albrecht, arkiepiskopi wa ku Mainz. Anthu ankaponya ndalama m'bokosi akudziŵa kuti akumanga tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma. Chimene sadauzidwe n'chakuti gawo lalikulu linkapita kukabweza ngongole ya arkiepiskopiyo kwa a banki a banja la Fugger. Chilolezo chidalipo, kope ndilo lidabisika, ndipo bala limene lidatseguka nthaŵi imeneyo silinapole mpaka lero. Mu 1562, patapita zaka 347 chikhazikitsire lamulo la makalata lija, Msonkhano wa ku Trent udavomera kuti mankhwala onse akale alephera, nuthetseratu udindo wa otolera oyendayendawo.

Malamulo a Eklezia amene tikutsata tsopano, a 1983, akusungabe chilolezo: kanoni 1265 ikuletsa munthu kutolera ndalama za ntchito ya mpingo popanda kalata ya episkopi. Kanoni imeneyi ansembe timaidziŵa pamtima, chifukwa imatiteteza kwa alendo obwera kudzakolola m'munda mwathu. Koma m'buku lomwelo muli kanoni 1267, yonena kuti chopereka choperekedwa pa cholinga chakuti chigwire ntchito ya cholinga chomwecho basi, ndi kanoni 1287, yolamula oyang'anira chuma kufotokozera akhristu za zimene adapereka. Ziŵirizi n'zimene timaziŵerenga mothamanga. Ndi Pepala Sande zingati zachitika m'maparishi mwathu, kwaya ikuimba, alendo olemekezeka akuvina ndi ndalama m'manja, chiŵerengero cha zoloŵa chikulengezedwa ndi nthungululu, koma cha zotuluka osamveka mpaka denga lomwe tinkasonkhera lidachita dzimbiri pa mapulani? Mkhristu akafunsa, timamuyankha kuti zopereka kwa Mulungu saziŵerengera, ngati kuti Mulungu ndiye amasaina macheke. Yankho limeneli ndi chidindo chathu ife, ndipo limatseka pakamwa kuposa zitatu za bambo uja.

Paulo Woyera sadayankhe choncho. Potolera ndalama m'mipingo ya ku Masedoniya ndi ku Akaiya zothandizira osauka a ku Yerusalemu, iye amene adali ndi ulamuliro wa mtumwi sadafune kunyamula thumbalo yekha. M'kalata yachiŵiri kwa Akorinto, mutu 8, akufotokoza kuti adatuma Tito pamodzi ndi mbale wina wosankhidwa ndi mipingo yomwe, kuti pasapezeke wina womkayikira pa kayendetsedwe ka mphatso yaikuluyo. Taonani kuti mboniyo idasankhidwa ndi opereka. Ngati mtumwi adalola kuperekezedwa, ine ndine yani kuti ndikwiye pofunsidwa lisiti la simenti?

Ndikudziŵa chimene anditsutse nacho: kope nalonso lingathe kunama, malisiti amagulidwa. N'zoona. Koma bodza la m'kope liyenera kunenedwa pamaso pa anthu amene akudziŵa zimene adapereka ndi mtengo wa thumba la simenti kwa ogulitsa a pa tauni, ndipo liyenera kubwerezedwa mwezi ndi mwezi osapunthwa. Bodza la chidindo limanenedwa kamodzi, kwa kalaliki mmodzi, ndipo limadyetsa mwini wake zaka.

Tsono ngati aphungu athu afuna kugwira ntchito pa nkhaniyi, asachulutse makomo oti munthu agogode asanathandize mnzake. Kulembetsa kukhale kophweka ndi kotsika mtengo, kochitikira pa boma lililonse, kosapatsa mkulu aliyense mphamvu yokana chifukwa cholinga sichimkomera. Zosonkha za maliro, za odwala ndi za tsoka ladzidzidzi zisiyidwe m'manja mwa eni ake monga kale. Kukhwima konse kupite kumapeto. Aliyense wopempha kwa anthu ndalama zopitirira mlingo wina anene dzina lake lenileni ndi la mnzake wosunga naye thumba. Nambala ya foni yolandirira ndalama isakhale ya munthu mmodzi wosadziŵika. Ndipo pakutha pa nthaŵi yoikika afotokoze zoloŵa ndi zotuluka pa malo omwewo pamene adapemphera, kaya ndi pa wailesi, pa Facebook kapena pa guwa, m'chinenero chimene adapemphera. Wokana kutero ndiye alandidwe ufulu wopemphanso. Malipoti amene mabungwe amapereka ku NGORA akhale oti munthu wamba angathe kuŵaona popanda kupempha chifundo cha mlonda wa pa geti.

Ku parishi kwathu, bambo wa zidindo uja atatipusitsa, bungwe lidagwirizana kuti wopempha aliyense pa khomo la tchalitchi azisiya dzina la munthu wa kwao womdziŵa, ndipo azilonjeza tsiku lodzatiuza zotsatira. A tcheyamani, amene manyazi adaŵagwira kuposa tonse, adawonjeza kuti lamulolo liyambire pa ife eni, ndi ndalama za denga la tchalitchi chathu cha kunthambi. Ndidavomera mosavuta, poganiza kuti mabuku anga ali bwino. Lamulungu loikika ndidaimirira Misa itatha n'kuŵerenga zonse, zoloŵa ndi zotuluka. Nditamaliza, gogo wina wa bungwe la amai adakweza dzanja nati: "Bambo mfumu, mwati malata mudagula angati? Chifukwa ife tidaŵerenga pamene ankatsitsa m'galimoto, ndipo sakufika pamenepo." Ndidasoŵa choyankha pamaso pa mpingo wonse. Zidanditengera masiku anai kupeza kuti malata otsalawo adatsalira kwa wogulitsa, amene adalonjeza kudzaŵabweretsa ulendo wina ndipo tonse tidaiŵala. Adafika Loŵeruka lotsatira pa ngolo, ndipo gogoyo adaŵaŵerenga yekha.